AChipumi Anazimitsa Wailesi

Malo ometera a alamu anga ndi okhawo mumsewu wathu amene mulibe wailesi. Kwina konseku, ukamadutsa, sipikala imakhala pakhomo ikugunda mpaka mabotolo a pashelefu kunjenjemera. Kwa alamu umangomva kulira kwa mashini ndi sizasi, mwina ndi mkonono wa kasitomala amene tulo tamupeza pampando. Ine ndimasoka zovala khomo loyandikana nawo, khoma ndi limodzi, ndiye za iwowa ndimazidziwa kuposa mmene eni ake angafunire.

Anakwatira achemwali anga ine ndikadali pasukulu. Dzina lawo lenileni ankaitana ndi amayi awo okha. Wina aliyense ankati aChipumi. Ankasewera mpira kumbuyo, mu timu ya fakitale yopanga sopo, ndipo ndinene zoona, mwendo analibe. Mpira ukabwera pansi ankangoumenya kuti upite kutali ndi iwo. Koma ukabwera m'mwamba unali wawo. Kona ikamenyedwa anzawo ankangowapatukira. Ankadumpha ngati pali wowanyamula, khosi n'kulikunga, mpira uja phaa! Achemwali ankakhala pabenchi atadziphimba kumaso ndi mpango, ine ndikukuwa mpaka mawu kusasa.

Tsiku loyamba kukomoka ndinalipo. Goloboyi wa timu ina anatuluka ndi zibakera, mpira n'kuuphonya, n'kupeza alamu pambali pa khutu. Anagwa ngati thumba la simenti. Anawakokera kunja kwa mzere, anawakhuthulira madzi a m'ndowa, wina n'kumawakupiza ndi jezi. Atatsegula maso, kochi anawaonetsa zala n'kufunsa kuti ndi zingati. Alamu anatchula nambala ina yake, kochi anati yayandikira, bwererani. Anabwereradi, ndipo anagoletsa chigoli chimene achikulire a mumsewu muno amachikambabe. Eni ake sachikumbukira ngakhale pang'ono.

“Chigoli changa chokoma kuposa zonse ndinachimvera kwa anthu,” amatero. “Ndipo aliyense amachifotokoza mwakemwake.”

Zinachitikanso, n'kuchitikanso. Tsiku lina anawombana ndi mtengo wa golo. Tsiku lina mutu ndi mutu ndi mnzawo wa timu yomweyo, onse akuthamangira mpira umodzi. Mankhwala ake anali omwewo nthawi zonse: ndowa ya madzi, kuwamenya paphewa, ndi mawu akuti mwamuna sagona pabwalo. Loweruka lotsatira ankakhala ali m'jezi. Mapeto ake sanali ochititsa chidwi n'komwe. Anali pa zokonzekera chabe, mnzawo anawaponyera mpira ndi manja, iwo n'kuubweza ndi mutu monga mwa masiku onse. Anakhala pansi, anasanza, kenako anafunsa amene anali pafupi kuti njira ya kunyumba ndi iti. Jezi sanaivalenso.

Mpira unatha koma mutu unatsala. Iwo amati umayambira kuseri kwa diso lamanzere, ngati munthu waika msomali n'kumaudinikiza ndi chala, osaukhoma ayi, kungodinikiza. Kenako umatsikira m'khosi. Ukafika poipa, kuwala kulikonse kumawabaya, fungo la mafuta okazingira limawapatsa nseru, ndipo supuni ikagwa pasimenti amati yagwera m'kati mwa chigaza. Kufakitale, kumene ankalongedza makatoni, mashini amalira kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Anapirira kanthawi, n'kusiya okha asanawauze.

Kumeta anaphunzirira pamitu ya anzawo a mpira, m'chipinda chosinthira zovala. Ndiye atapeza kachipinda kano anagula mpando wakale wa mu ofesi, kalilole wamkulu wobenthuka pakona, mashini ometera, ndi wailesi, poti aliyense ankati malo ometera opanda nyimbo ndi pamaliro.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Mapiritsi opha ululu ankawagula pagolosale ngati maswiti. Akadzuka piritsi, akatsegula shopu piritsi, dzuwa likafika pamutu linanso. Munthu amene ankaseka mpaka kugwira m'mimba anasanduka wa mtima wapachala. Mwana wawo wamkazi, amene anali wamng'ono nthawiyo, anaphunzira kuyenda monyang'ama m'nyumba ya bambo ake omwe. Achemwali sankadandaula pagulu. Ankangobwera kwa ine, n'kukhala pamulu wa nsalu, n'kumapinda kansalu kamodzi, kukapindula, kukapindanso.

Alangizi sanasowe. Wina anati azimanga mutu ndi mphira wa chubu cha njinga. Wina anati ndi magazi ochuluka. Wina anati alipo amene akuwachitira kaduka, ngati kuti mpando wa mu ofesi wothyoka gudumu ungapatse munthu kaduka.

Chimene chinasintha zinthu ndi dalaivala wina wa basi, amene anabwera kudzameta pa nthawi yake yopuma. Alamu atameta mbali imodzi, kuchokera pakhutu mpaka pakati, mutu unawagwira mwadzidzidzi. Anasiya mashini akulira pashelefu, anatuluka, n'kukagwada kuseri kwa nyumba. Bambo uja anadikira, anadikira, kenako anasuzumira kwa ine, mbali imodzi mpala, mbali ina tchire.

“Mayi, kodi ometawa amabwereranso?”

Ndinamumaliza ndine, ndi sizasi yodulira nsalu. Sanabwerenso, ndipo sindimuimba mlandu.

Madzulo ake achemwali sanafunse maganizo a munthu. “Mawa muvala malaya oyera aja, tikupita kuchipatala chachikulu. Mukakana ndipita ndekha ndikawafotokozere, ndipo ndikawonjezera ndi zina.”

Anayenda maulendo angapo, kukhala pamizere, kujambulidwa mutu. Tsiku lokamva zotsatira ndinawaperekeza. Dokotala anali mayi wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Anati chithunzi chili bwino, mulibe chotupa, mulibe magazi otayika. Alamu m'malo mosangalala anakwinya nkhope.

“Ndiye kuti ndikunama, adokotala?”

“Sindinatero, bambo. Ubongo ukagwedezeka, usanachire n'kugwedezekanso, kambirimbiri ngati mmene zinachitikira kwa inu, ululu umatha kutsala ngakhale chithunzi chisaonetse kanthu. Mutu wanuwu ndi weniweni. Tandiuzani, mapiritsi mumamwa kangati pasabata?”

“Pasabata?” alamu anaseka. “Funsani patsiku.”

Dokotala anavula magalasi. Anawafotokozera kuti mapiritsi omwewo, munthu akamawamwa tsiku ndi tsiku, amayamba kuitana mutu umene amayenera kuuthamangitsa. Anati awasiye, awapatsa ena omwa pokagona oti mutu uzibwera patalipatali, ndipo anawachenjeza kuti masabata oyamba adzamutukwana.

“Nanga udzatha?”

“Kumeneko sindikulonjezani. Ena umatha, ena umangochepa. Koma kuuchepetsa tingathe, inu ndi ine.”

Anamutukwanadi, ali kwawo, nkhope ili m'pilo. Shopu inakhala yotseka, ndipo achemwali anabisa ngakhale mapiritsi awo a dzino kwa ine. Kenako m'mawa wina ndikutsegula ndinawapeza alamu akusesa pakhomo pawo, ataonda, maso ali m'kati, koma akuimba kamluzu chapansipansi.

Anabwerera kuntchito ali munthu amene waganiza mofatsa. Choyamba anazula wailesi n'kuipereka kwa mlonda wa pamsika. Babu loyera lothwanima lija anachotsa n'kuika lofiirira. Anandipempha katani yokhuthala, ndinawasokera ya buluu, nsalu yotsala pa mayunifolomu a sukulu ina. Mpando anautembenuza kuti dzuwa la masana lisamagunde pakalilole. Pashelefu pamakhala botolo la madzi, ndipo nthawi ya chakudya ikakwana amadya, kaya pabenchi padzaza anthu. Kuseri kwa kabati anayalako kamatiresi. Akamva kuti msomali uja wayamba salimbana nawonso. Amamaliza mutu umene ali nawo m'manja, amapachika kathaulo kobiriwira pachitseko, n'kukagona mumdima, nsalu yonyowa ili pamaso. Anthu a mumsewu muno anazolowera. Kathaulo kakakhala pachitseko sagogoda, amangodutsa n'kudzayesa mwayi madzulo.

Vuto linatsala ndi awotcherera a tsidya la msewu. Mashini awo odulira zitsulo akayamba kulira, ngakhale ine mano amandiyabwa. Ndinkaganiza kuti padzakhala ndewu, koma alamu anawoloka msewu manja ali kumbuyo ngati akukafunsa njira.

“Achimwene, ndabwera ndi pempho. Chilombo chanuchi chikundimaliza. Simungamakachilizire kuseri kwa nyumbayi, khoma lizinditchinga?”

“Kuseri kulibe magetsi.”

“Waya ndigula ine. Ndipo kuyambira lero ndizikumetani ulere mpaka imfa itilekanitse.”

Awotcherera anavula chisoti pang'onopang'ono. Mutu wawo ndi dazi lokhalokha, losalala ngati dzira, tsitsi linatsanzika kalekale. Anayang'anizana, kenako onse awiri anaphulika kuseka. Mashini anasamukira kuseri sabata yomweyo. Mpaka lero awotcherera amabwera Lachisanu kudzakhala pampando, ati kudzatenga ulere wawo. Alamu amawapukuta dazi ndi thaulo lofunda mwaulemu wonse, n'kuwaonetsa kalilole kumbuyo kuti aone ngati zawakomera.

Anyamata okonda phokoso anasamukira kwina, ndipo miyezi yoyamba benchi inkangokhala yokha. Ndinawafunsa ngati sakuchita mantha.

“Alamu, mitu siitha m'dziko muno,” anandiyankha. “Tsitsi limamera ngakhale mwini wake ali pa ulova.”

Anabweradi ena. Azibambo a ana oopa mashini anazindikira kuti kuno mwana salira, chifukwa wometa sathamanga ndipo amayamba wamupatsa mashiniwo kuti awagwire. Kunabwera madala amene anatopa ndi kukuwa pofuna kunena kuti ndevu zisiyeni. Kuli namwino wina wamwamuna amene amabwera akaweruka, amagona asanamuveke nsalu m'khosi, ndipo alamu amamumeta ali m'tulo n'kumusiya pomwepo ngati palibe wina wodikira.

Mutu sunathe. Pali masabata amene umangodutsa kamodzi, pali ena amene umakhazikika ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Kumaukwati amangopita kukapereka moni n'kubwerako zoimbira zisanayambe. Kuchipatala amapitabe, ndipo mankhwala anawasinthirapo pamene oyamba aja ankawagonetsa masana. Koma nthabwala zinabwerera, ndipo kunyumba kwawo supuni inayambanso kugwa popanda wina kugwira mtima.

Mwana uja anakula, anatalika ngati bambo ake, chipumi chomwecho. Anthu anayamba kumutcha Kachipumi, dzina limene amadana nalo mpaka lero. Atanena kuti walowa timu ya atsikana ya kusukulu, achemwali anakana kwamtuwagalu. Amene anamuikira kumbuyo anali alamu.

“Mpira sunandilakwire, amake mwana,” anatero. “Chinandilakwira ndi kubwereramo mutu usanapole. Msiyeni asewere.”

Iwo kubwalo sankapita kawirikawiri chifukwa cha ng'oma ndi malipenga a ochemerera. Koma chaka chatha timu ya mwanayo, iye ali kaputeni, inafika pa masewera omaliza a chikho, ndipo kunamveka kuti kubwera akuluakulu odzasankha atsikana oti akasewere mu timu yaikulu. Alamu anatseka shopu, anavala chipewa ndi magalasi akuda, anatseka makutu ndi thonje. Tinapita atatu, iwo, achemwali ndi ine, n'kukaima kumapeto kwa bwalo, kutali ndi ng'oma.

Chigawo choyamba chinatha timu yathu ikutsogola ndi chigoli chimodzi. Chachiwiri chitangoyamba, mpira unabwera m'mwamba. Mwana wathu anadumpha, wa timu ina anadumphanso, ndipo kugundana kwa mitu yawo tinakumva tili komwe tinaimako. Winayo anadzuka akudzisisita. Wathu anakhala kaye chigonere, kenako anadzuka n'kuyamba kuyenda akudzandira ngati kamwana ka mbuzi kongobadwa kumene, kulowera kumene kulibe mpira.

Sindinawaone alamu akuchoka pambali panga. Ndinangoona chipewa chili pakati pa bwalo, woyimbira mpira akuliza wezulo kuti bamboyo atuluke. Anamugwira mwana padzanja n'kupita naye kunja kwa mzere. Ife tinathamangira komweko. Aphunzitsi a timu anafika ndi botolo la madzi. Anali bambo wachinyamata, waulemu, ndipo zinkaoneka kuti mtima ukumukokera pawiri.

“Ndili bwino, ababa, ndisiyeni,” mwana anatero. “Ndi chizungulire chabe. Aphunzitsi, ndibwerere.”

Alamu anachotsa thonje m'makutu. “Chigoli chanu chija wagoletsa ndani?”

Mwana anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana anzake m'bwalo. Chigolicho chinalowa iye akuona, ndipo anali woyamba kukakumbatira wogoletsayo. Dzina silinabwere.

“Sabwereramo,” alamu anauza aphunzitsi. “Lero ayi, sabata yamawa ayi, mpaka adokotala anene.”

“Ndamva, bambo. Ndilowetsa wina.”

Apa ndiye mwana analusa. Anaponya botolo pansi, misozi ili mbwembwembwe. “Ababa, anthu aja abwerera ine! Mukufuna ndidzakhale ngati inu, wometa anthu mumdima?”

Ochemerera amene anali pafupi anayamba kukuwa kuti mdalayo achoke, akuwononga masewera. Achemwali anakweza dzanja kuti amuwombe mwana pakamwa, alamu n'kuligwira lili m'mwamba. Mawu sanakweze n'komwe.

“Ndikufuna usadzakhale ngati ine. N'chifukwa chake tikupita kuchipatala pompano. Tenga chikwama chako.”

Kuchipatala anati ubongo wagwedezeka, apume, asathamange, foni ndi mabuku achepetse kaye. Timu yake inagonja, ndipo akuluakulu aja anasankha atsikana ena. Alamu nawo dzuwa ndi phokoso la tsikulo zinawagwetsa, anagona masiku angapo. Atadzuka anapeza kuti mwana sakuwalankhula. Akatumidwa kushopu ankafikira kwa ine, bambo ake ali pomwepo pakhomo.

“Amayi aang'ono, auzeni amuna a achemwali anu kuti chakudya chawo ndi ichi.”

“Alamu, auzeni akaputeni kuti ndalandira ndi manja awiri,” bambo ake ankayankha choncho.

Ine zinkandipweteka, ndipo ndinawauza kuti mwina amupepese, angoti mtima unathamanga. Anapukusa mutu akutsuka mano a mashini ndi kaburashi.

“Ndipepese chiyani? Andide, bola azindida ndi mutu wabwinobwino. Kudana kumatha.”

Chimene mwanayo sankanena n'chakuti nayenso mutu unkamuwawa. Masana ena anabwera kuchokera kusukulu nthawi isanakwane, maso atatsinzina mbali imodzi. Anaima pakhomo panga, anayang'ana babu langa loyera ndi mashini anga akugogoda, n'kudutsa. Analowa kwa bambo ake osalankhula, anazungulira kabati, n'kukagona pakamatiresi kaja. Alamu anamaliza kasitomala amene anali pampando, ananyowetsa nsalu, n'kupita kuseriko. Khoma lathu ndi lopyapyala, ndipo mashini ndinali nditaimitsa.

“Ukuyambira pati?”

“Apa.”

“Wanga umayambira apa, kuseri kwa disoli. Usalimbane nawo. Puma pang'onopang'ono, mapewa uwagwetse.”

Kenako ndinamva mwana akufunsa.

“Ababa, ndiye mumamva chonchi tsiku lililonse?”

“Kale. Masiku ano umandipatsako tchuthi. Wakowu ndi mlendo wa masiku ochepa, upita. Taupatsa mpata.”

Unapitadi patatha masabata angapo. Adokotala anamulola kuyamba ndi kuyenda, kenako kuthamanga, kenako mpira wapansi, mutu pomalizira. Kupepesa sikunachitike mbali zonse ziwiri. Ndinangoona kuti chakudya chayamba kulowa khomo loyenera.

Pano anamaliza sukulu, ndipo akusewera mu timu ina ya atsikana ya m'tauni. Yaikulu ija sanaiiwale, akuti chaka chino aonana nayo. Alamu amapita kukaonera chigawo choyamba chokha, n'kubwerako dzuwa lisanawapweteke. Loweruka lapitali timu ya mwanayo inagoletsedwa chigoli cha pakona masewera atangoyamba, ndipo Lolemba nkhani inali ikadali yotentha. Ndinali ndikusita kolala ya kasitomala pamene ndinamva alamu akundiitana.

“Alamu, tatulukani pang'ono. Imani apa. Inu ndinu wa timu ina, mwabwera kudzagoletsa.”

Ndinatuluka tepi ili m'khosi. Anandiimika pakati pa msewu, mwana n'kumuimika kumbuyo kwanga.

“Waona? Iwe unaima apa, kumbuyo kwa munthu, maso ali pampira. Amayi ako aang'onowa akanyamuka, iwe uwapeza kuti?”

“Ababa, ameneyo sanali wanga. Wanga anali wamtali uja.”

“Wamtali uja anali akumanga nsapato!”

“Anali pamtengo wachiwiri! Amayi aang'ono, tasunthirani uku ndiwaonetse.”

Anandikokera uku, anandikankhira uko. Awotcherera anazimitsa moto wawo n'kuwoloka msewu, ati iwo akhala goloboyi. Wanjinga wina anaima kuti amve mapeto ake. Ndinakhala wa timu ina pamenepo mpaka makala a m'simbi yanga anazima, ndipo kolala ija ndinakaisita mawa lake.